Tsamba Makumi Anayi ndi Limodzi

Ntchito yanga ndi kumanga mapepala a eni ake
m'kakontena ka buluu ku Luwinga,
pomwe fumbi la malole a ku Karonga
limadzagona pagalasi la makina.
Ndimakopa, ndimaboola, ndimamanga.
Sindiwerenga. Bwana salipira kuwerenga.

Koma Lachitatu lija magetsi anathima
tili pa tsamba makumi anayi ndi limodzi,
ndipo mwini mapepala, Lusubilo wa ku yunivesite,
anakhala pa kileti kudikira,
mvula yamawawa ikuwaza ngati mlendo wosadziwa kutsanzika.

Ndinamufunsa za chithunzi cha khoswe.

Anati khoswe akamanyambita ana ake pafupipafupi
anawo amakula mtima uli m'malo.
Osanyambitidwa amakula ali tcheru,
kaphokoso pang'ono, thupi lonse njenjenje.
Buku lobadwa nalo silisintha, anatero,
chilembo chilichonse chili pomwe chinali,
koma mu ubongo tizinthu tina timamatirira pa DNA,
tsamba n'kutsekeka, thupi osaliwerenganso.

Anatola sitepula yanga. Khwa!
Masamba awiri anagwirana pakamwa.
"Mawu afufutika?"
Ndinati ayi.
"Tawerengani tsono."

Ine maso anali pa pepala
koma ndinkaona Fumbani, mlongo wanga,
wopalasa kabaza ku Chibavi,
mwamuna wandevu amene chitseko chikamenyeka
amatula kapu pansi asanadziwe kuti waitula,
amene sakhala chofulatira khomo,
amene amagona ngati wobwereka tulo kwa wakatapila.
Ena anati walodzedwa. Ena, ndi vimbuza.
Atatavyala ake anati ndi mantha chabe, akule.

Anabadwa chaka chomwe amama anagonekedwa miyezi isanu,
adada akucheka matabwa ku Chikangawa.
Mlezi ndinali ine, wa zaka zisanu ndi ziwiri.
Ndinkamugoneka pa thumba la feteleza,
n'kukoka chitseko, n'kupita ku fulaye.
Pobwerera ndinkapeza atasiya kulira
ndipo ndinkati ndi mwana wabwino.

"Ndiye kuti ndinakhoma ndine?"

Lusubilo anayang'ana kunja kanthawi.
Anati khoswe si munthu, anganya,
ndipo ubongo wa munthu wamoyo
palibe angautsegule kuti awerenge zitsulo.
Zambiri sitikuzidziwa. Ndalemba pa tsamba lomaliza.
Koma ana ena anawasamutsira kwa khoswe wonyambita
nakula ofatsa, ngati ake enieni.
Sanandiuze kuti ndilibe mlandu.
Sanandiuzenso kuti ndili nawo.

Za kuzula sitepula, apo mphunzitsi ndine.
Ukafulumira umang'amba ngodya.
Umayamba kumbuyo, kuwongola miyendo iwiri ija
ndi chikhadabo, umodzi, kenako unzake,
ndipo ngakhale uchite bwino chotani
timabowo tiwiri timatsala.
Koma tsamba limatseguka.

Magetsi anayaka cha m'ma folo koloko,
makina anatsokomola n'kupitiriza pomwe analekezera.

Madzulo Fumbani anabwera kudzanditenga.
M'jekete mwake munali chotupa,
kamutu ka Walusungu kali m'chipewa cha ulusi wofiira,
mayi ake ali pa shifiti ya usiku.
"Sindingamusiye yekha," anatero, ngati wopepesa.
Sanapalase. Tinayenda wapansi, njinga ili pakati,
iye akununkhiza liwombo la mwana
pa mtengo wa magetsi uliwonse
ngati wina anamupatsa chiwerengero.

Pa Katoto lole inaphulitsa tayala.
Mapewa ake anadumpha, monga mwa masiku onse,
koma dzanja linali kale pamsana pa mwana,
kusisita, kusisita,
ndipo langa, mochedwa ndi zaka makumi atatu,
linapeza msana wake.

Sanatembenuke.
Anangochepetsa liwiro kuti ndisatsalire.